Belu la kwathu lidandipeza ku Ubungo

Amalawi ambiri amene adapitako ku Dar es Salaam pa basi chisadafike chaka cha 2021 akulidziwa dzina la Ubungo. Apa ndi pamene padali depoti yaikulu ya mabasi a maulendo ataliatali. Munthu ukachoka ku Lilongwe, n'kudzera ku Mzuzu ndi Karonga, kuoloka Songwe, kupyola Tukuyu, Iringa ndi Morogoro, unkafika pamenepa miyendo itatupa, makutu atagontha ndi phokoso la oitanira.

Lero depotiyo idasamukira ku Mbezi. Pamphambano pamene misewu ya Morogoro, Mandela ndi Sam Nujoma imakumana padamangidwa milatho yosanjikizana yotchedwa Kijazi, ndipo kuyambira mu 2016 pamadutsa mabasi achangu amene eni ake amati mwendokasi. Nditapitakonso posachedwa kumsonkhano wa ntchito, ndidasochera pamalo amene ndinkati ndimawadziwa.

Koma chimene chidanditsalira mumtima si milathoyo. Loweruka m'mamawa, dzuwa lisadatuluke, ndidadzidzimuka ndi nyimbo kuseri kwa nyumba ya alendo imene ndidagona. Nditasuzumira ndidaona amayi, abambo ndi ana atakhala pamipando ya pulasitiki pabwalo la nyumba ina, pakati pawo pali tebulo, mtanda ndi kandulo. Mlonda adandiuza kuti imeneyo ndi jumuiya. Sindidafune womasulira: kwathu timati mphakati. Atatha mapemphero adayendetsa mbale, ndipo mlonda uja adati zina mwa ndalamazo zimalipirira ana amasiye kusukulu. Pomwepo mtima udathawira kwathu.

Kwathu ndi m'parishi ya Mua, m'boma la Dedza, kunsi kwa mapiri kumene kutentha kumakumbutsa munthu kuti nyanja ili pafupi. Mishoni ya Mua adaitsekula ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo alendo amaidziwa chifukwa cha malo a zaluso a Kungoni, amene bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Ife sitidali a pamishoni penipeni. Sukulu yathu idali kunthambi, pafupi ndi katchalitchi kamene wansembe ankafikako mwa apo ndi apo. Belu lake lidali limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo wa bwemba, ndipo limu yomweyo ndi imene inkaitana ana mkati mwa sabata ndi akhristu Lamulungu.

Ndidayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chimene boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. M'dziko lonse chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kwathu kudabwera ndi anyamata oyamba kumera ndevu omwe, amene adasiya mbuzi kudambo kudzakhala nafe pafumbi. Zipinda zidachepa ponseponse, ndipo ife ang'onoang'ono tinkalemba a, e, i, o, u ndi chala pansi pa mtengo wa mango.

Chimene ndimakumbukira bwino ndi zomwe makolo adachita chilimwe chotsatira. Akatekisiti adalengeza m'tchalitchi, anyakwawa adalengeza pabwalo, ndipo mphakati uliwonse udalandira tsiku lake. Abambo ankaponda dothi ndi kuumba njerwa ndi zikombole, amayi ankatunga madzi, ife ana tinkabwera ndi mtolo wa nkhuni zootchera uvuni. Sadali Akatolika okha. Adalipo a CCAP, Asilamu, ngakhale akuluakulu a kudambwe, pakuti onse adali ndi ana pasukulupo. Mayi anga, amene sadaphunzire kulemba dzina lawo, ankaloza khoma lina nati: "Mwanawe, pamenepa pali thukuta langa, usadzandichititse manyazi." Mawu amenewo adandiperekeza mpaka kuyunivesite.

Aphunzitsi nawo adali a mudzi wonse. Pokolola ankalandira dengu la chimanga, nsinjiro kapena nkhuku. Mwana akajomba masiku atatu, sipankafunika kalata. Nkhani inkafika kumphakati, ndipo madzulo mayi wina ankaodira pakhomo kudzafunsa ngati kwagwa matenda. Mwana wa mnzako adali wako yemwe.

Kufanana kwa jumuiya ndi mphakati sikudangochitika. M'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, momwe muli Malawi ndi Tanzania, adagwirizana kuti mpingo uzike mizu m'timagulu ta mabanja oyandikana, ndipo mmodzi mwa olimbikitsa ganizoli adali episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe. Koma pankhani ya sukulu maiko awiriwa adayenda njira zosiyana. Ku Tanzania, Julius Nyerere, yemwe adali Mkatolika ndipo adaphunzitsapo pasukulu ya mishoni ya Pugu, adaika sukulu za mipingo m'manja mwa boma potsatira lamulo la mu 1969, pofuna kuti mwana aliyense aphunzire mosayang'ana chipembedzo. Kwathu mipingo idakhalabe eni a sukulu zambiri za pulayimale, boma n'kumalipira aphunzitsi. Tsono sukulu ya kwathu ili ndi makolo atatu: boma, mpingo ndi mudzi. Ubwino wake ndi woti mutu umodzi susenza denga. Kuopsa kwake ndi koti aliyense angayese kuti asenza ndi mnzake.

Izi ndi zimene zimandidetsa nkhawa pa ntchito yanga ya zachitukuko. M'midzi yambiri imene ndayendamo, mphepo ikasasula denga la sukulu anthu amadikira bungwe. Ena safika pamsonkhano popanda alawansi. Sindikuwaweruza, pakuti ife ogwira ntchito m'mabungwe ndife tidawazoloweza, pobwera ndi mapulani olembalemba osafunsa kuti m'mudzimo ntchito ya pamodzi imayenda bwanji. Komanso anyamata amene akadaponda dothi ambiri ali ku Joni ndi m'matauni, monga inenso. Komabe mzimu uja sudafe. Amayi amene amalawirira kukaphikira ana phala kusukulu popanda malipiro, monga zimachitikira pansi pa Mary's Meals, ndi ana a amayi aja ankatunga madzi a njerwa.

Anthu a jumuiya ija adabalalika dzuwa litangotuluka, aliyense kuthamangira basi yake. Mumzinda wa anthu oposa 5 miliyoni, momwe depoti yathunthu imasamuka n'kuiwalika, iwo adapeza mpata wodziwa kuti mwana wakuti alibe yunifolomu. Ine ndidatsala pawindo ndi manyazi, ndikuwerenga zaka zimene zadutsa ndisadaponde pasukulu yathu. Madzulo ake ndidaimbira foni mayi kufunsa ngati khoma lawo lija lidakaima. Adati lilipo, koma likufuna pulasitala mvula isadagwe, ndipo komiti ya sukulu ikumana akatha kukolola. Ndawauza kuti andilembe dzina.