Moto wa utuchi, kuwala kwa sola

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, anthu tinakhamukira kuno kudzasaka ntchito. Ogwira ntchito m'boma ankapatsidwa nyumba, ife ena tinkachita lendi ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mchesi, ndipo amwayi anapeza mapuloti ku Area 23 ndi ku Area 25. Magetsi ochokera ku Nkula ndi ku Tedzani pa mtsinje wa Shire anali atafika kale mumzinda, koma m'makomo mwathu ambiri munalibe. Usiku tinkaunikira koloboyi. Mwana akachezera kuwerenga pokonzekera mayeso a Sitandade 8, m'mawa ankadzuka mphuno zili bii ndi mwaye wa palafini.

Palafiniyo tinkagula. Moto wophikira ndiwo sitinkagula. Kuseri kwa nyumba zomalizira kunali minda ndi tchire, ndipo anthu akakolola, amayi tinkapita kukatola mapesi ndi nkhuni zouma. Mnansi akatonola chimanga, zitsononkho ankagawira mzere wonse. Madzi osamba ana tinkangowasiya m'ndowa padzuwa kuyambira m'mawa. Ufa, mfutso wa nkhwani ndi khwanya, zonse zinkauma pamphasa popanda kulipira tambala.

Koma chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi mbaula ya utuchi. Mzinda unkamangidwa nthawi imeneyo, ndipo akalipentala a ku Mchesi ndi ku Biwi ankachezera kupanga zitseko, mawindo ndi mipando. Utuchi kwa iwo zinali zinyalala. Ukafika ndi thumba, mwini shedi ankachita kukuthokoza kuti wamusesera.

Amene anandiphunzitsa anali aNaphiri, mayi wa ku Dedza yemwe tinkagundana naye khomo. Umatenga chitini chachikulu cha penti n'kuchiboola m'mbali, chapansi. Pakati umaimika mpini wa khasu, ndipo pabowo paja umalowetsa ndodo ina mopingasa mpaka ikagunde mpiniwo. Kenako umathira utuchi pang'onopang'ono uku ukutsindira ndi musi, mwinanso ndi chidendene. "Amayi, pondani ndithu, musawumvere chisoni," ankatero aNaphiri. "Utuchi wosatsindira umagumuka nyemba zisanapse." Chitini chikadzaza umasolola mitengo iwiri ija mosamala, n'kutsala mphako yokhota. Pansipo umayatsa kankhuni kamodzi. Mpweya umalowera m'munsi, lawi n'kumakwera pakati mpaka pa mphika, utuchi n'kumanyeka kuchokera m'kati kupita m'mbali. Utuchi wabwino ndi wosalala wa sowo, wouma. Zopalapala za pulena zimalilima kamodzi n'kutha, ndipo wonyowa umangofuka.

Moto umenewo unkapsetsa nyemba, kuphika nsima ya masana, n'kutsalako wofunditsira madzi a bambo akaweruka. Vuto lake linali limodzi: ukauyatsa sungauzimitse kuti usungeko wa mawa. Choncho tinkapangana ndi anansi, uyu akaphula ndiwo, wina ateleke. Mabanja angapo ankadya zophikidwa pa chitini chimodzi.

Pofika m'zaka za m'ma 1990, minda ija inali itasanduka nyumba. Chinsapo anakula, Mgona anakula, nkhuni zotola zinasowa. Apo m'pamene njinga za makala zinachuluka. Aliyense amene anadzukapo mbandakucha pa msewu wa ku Likuni akuzidziwa: matumba osanjikizana kupitirira mutu wa mwini njinga, iye akukankha thukuta lili kamukamu, atayenda usiku wonse kuchokera ku Dzalanyama. Makala a mitengo yachilengedwe amakhalitsa pa mbaula ndipo safuka, n'chifukwa chake tonse tinawakonda. Ine sindiloza chala anyamata a njingawo. Ankasaka chakudya cha ana awo, ndipo ogula tinali ife a m'tauni. Koma m'nkhalango imeneyo ndi mmene mumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, komwe kumachokera madzi a m'mipopi yathu. Zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera mitengo. Ife amene tinkadzala bulugamu ndi malaina pa tsiku lodzala mitengo m'Januwale, nkhani imeneyo inatiwawa mumtima.

Ngakhale amene anakokera magetsi m'nyumba sanasiye mbaula. Mu 2017 madzi atachepa m'nyanja ndi mu Shire, magetsi ankazima tsiku lonse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akamathimathima, thumba la makala limakwera mtengo, ndipo osauka amayamba kugula a m'timajumbo tokwanira kuphika kamodzi.

Chimene ndachiona ndi maso anga n'kusangalala nacho ndi sola. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno ankaunikira tochi ya mabatire, ndipo amene anali ndi magetsi a ESCOM anali pafupifupi banja limodzi pa mabanja khumi. Lero mdzukulu wanga ku Area 25 ali ndi kasola padenga la malata, kabatire m'chipinda, mababu atatu, wailesi ndi potchajira foni. Ankalipira pang'onopang'ono pa Mpamba, ndipo akachedwa kulipira magetsiwo ankatseka okha. Atamaliza ngongole, kuwala kunakhala kwake. Ntchito imene yatsala n'kukwera pamakwerero kukapukuta fumbi la mu Okutobala, ndi kusamala batire m'miyezi ya mitambo ya Juni ndi Julaye. Ana ake sadziwa fungo la koloboyi, ndipo ine ndimathokoza Mulungu pa chimenecho. Boma ndi makampani nawonso atsata dzuwa lomwelo: ku Nanjoka m'boma la Salima kuli munda wa masola wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021.

Komatu kasola ka padenga sikaphika nsima. Mphamvu yake imathera pa babu ndi foni, pamene mphika umafuna moto weniweni. Gasi alipo, koma silinda yake si ya aliyense. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imapulumutsa nkhuni ndipo imalandira zitsononkho ndi tinthambi, koma m'tauni ambiri amaiyesa ya kumudzi. Pa nkhani ya kuunika tapita patsogolo, pa nkhani ya mphika tikudyabe Dzalanyama.

Utuchi masiku ano sapereka ulere paliponse, chifukwa oweta nkhuku amaufuna woyala m'makola. Koma mashedi a matabwa achuluka kuposa kale, ndipo ku Mgona, kumene amalonda amaswa mtedza, makoko amachita kuunjikana. Alipo achinyamata amene akupsinja makoko, utuchi ndi mapepala akale kupanga mabuliketi, ndipo ndikawaona ndimawagula ngakhale ochepa kuti asafooke. Amene alibe makina asadandaule. Wowotcherera zitsulo aliyense ku Biwi angathe kuboola chitini cha penti, mpini wa khasu ulipo pakhomo, ndipo mbaula ya utuchiyo muziyatsira panja kapena pakhonde chifukwa poyamba imafuka.