Za Mlonda wa Munthu Wogonetsedwa

M'chipatala muli wantchito mmodzi amene dzina lake sitilifunsa. Mbale wathu akang'ambidwa nachira, titama dotolo wogwira mpeni, ndipo namwino wa m'wodi timlonjera ndi ulemu pokomana naye pa msika. Koma uja anakhala kumutu kwa wodwala, amene anamgonetsa namdzutsanso, timpitirira osamzindikira. Komatu pa anthu onse a m'chipinda chija, amene anasunga mpweya wa mbale wathuyo ndi iyeyu.

Nzeru imeneyi si ya makedzana ayi. Mankhwala a ether anaonetsedwa poyera ku Boston m'chaka cha 1846, ndipo chloroform anayamba nayo Simpson ku Edinburgh m'chaka cha 1847. Asanatulukire amenewa, wodwala anali kugwidwa ndi amuna amphamvu, iye alikufuula. Kuno ku nyanja nzeruyi inafika msanga, pakuti m'chaka cha 1876 Dotolo Robert Laws anagonetsa munthu ndi chloroform ku Cape Maclear, kupitirira Lusumbwe uko, namchotsa chotupa, anthu nazizwa kuona mnzawo ali chigonere pansi pa mpeni ngati wakufa, pambuyo pake nadzuka.

Anazizwa moyenera, pakuti kumeneku si kugona kwa pamphasa. Wogona tulo akatsamwa akhosomola, mkono ukachita dzanzi atembenuka. Wogonetsedwa ndi mankhwala sangathe zonsezi: lilime likhoza kugwera kukhosi, mpweya uchepa, magazi ayenda mofooka, ndipo mwini wake sadziwa kanthu. Chifukwa chake wogonetsa sayenera kuchoka pambali pake, ngakhale kanthawi kochepa. Amvetsera kachipangizo komana chala kamene kanena kuchuluka kwa mpweya wabwino m'magazi, ayesa kuthamanga kwa magazi mphindi zisanu zilizonse, nalemba zonse pa pepala. Asodzi athu a pa Nkopola adziwa kuti m'bwato lobowoka ena angaodzere, koma wokapa madzi ayi. Ndipo pepala lija si lokondweretsa akulu a chipatala. Tsiku la mlandu mboni ndi lomwelo, pakuti wodwala analibe maso, ndi abale ake anali kunja kwa chitseko.

M'maiko ena ntchitoyi inakulira m'manja mwa anamwino. Alice Magaw wa ku America analemba m'chaka cha 1906 kuti anagonetsa odwala 14,000 wopanda mmodzi kufa ndi mankhwalawo. Kwathu kuno aigwira kwambiri ndi ma clinical officer ophunzira zogonetsa, ndipo sukulu yawo inayamba pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'masiku a Dotolo Paul Fenton. Sagwira ntchito mwa okha: lamulo la 1987 linakhazikitsa bungwe la Medical Council lolemba maina awo m'kaundula, ndi anamwino ali nalo lawo la Nurses and Midwives Council. Wochita mosasamala aitanidwa kukayankha, dzina lake lingathe kufafanizidwa, ndipo bwalo la milandu lingathe kulamula chipukuta misozi. Mankhwala aukali opha ululu, monga pethidine, akhala m'kabati yokhoma, ndi botolo lililonse lotuluka lilembedwa m'buku pamodzi ndi dzina la wolandira.

Koma udindo woyamba uchitika munthu asanagone, ndipo pano tifuna kukhalitsa pang'ono. Wogonetsa ayenera kufika kwa wodwala, kumuuza m'chinenero chimene amva, kaya Chichewa kaya Chiyao, chimene adzamchitira: ngati adzamgonetsa thupi lonse, kapena kumbaya jekeseni ya pamsana imene ichititsa dzanzi kuyambira pamimba kufikira kuzala za kumapazi, iye ali maso. Ayenera kunenanso zoopsa zake osabisa. Chala chodinda pa pepala losafotokozedwa si chilolezo konse. Ndi inki chabe. Munthu wosadziwa kulemba sali wosadziwa kuganiza, ndipo ife aphunzitsi tichidziwa ichi koposa ena.

Tsono wovomera ndani? Mwambo wathu uti nkhani yaikulu isapite popanda mwini mbumba, ndipo mwambowu watisunga m'zambiri. Koma taonani mayi amene mwana wakanika kutuluka, usiku wonse alikubuula, anamwino anena kuti apite ku fiyeta, ndi abale ati tidikire atsibweni amene ali ku Makanjira, kapena bambo amene ali ku Johannesburg ndi foni yosayankha. Pa lamulo, munthu wamkulu wa nzeru zake avomera yekha za thupi lake, mkazi monga mwamuna. Makolo avomerera mwana wawo wamng'ono. Ndipo wodwala akakomoka, moyo uli pa chiswe, achipatala aloledwa kumpulumutsa osadikira munthu. Akale omwe anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Atsibweni auzidwe, ndi ulemu wonse, koma chiberekero chong'ambika sichiyembekeza matola a mawa.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Akatifunsa kuti wodwala wadya liti, tinene zoona. Atiletsa chakudya maola 6 osati mwa nkhanza, koma chifukwa phala la m'mimba lingakwere ndi kulowa m'mapapo munthu ali chigonere, ndipo chifundo cha agogo opereka kaphala mobisa chingasanduke maliro. Momwemonso ngati mayi wamwa mwanamphepo kapena mizu ina, ngati bambo ndi wa kachasu, ngati wina m'banjamo anavutika kudzuka atagonetsedwa, zinenedwe. Wogonetsayo saloledwa kutulutsa zinsinsi zimenezi kunja.

Pali chiweruzo china cholemera chimene munthuyu asenza, nthawi zambiri ali yekha pakati pa usiku. Mpweya wa m'botolo ukachepa, kapena magazi oikira akasowa, ali ndi mphamvu, indetu udindo, wokana kugonetsa munthu wa nthenda yokhoza kudikira, ngakhale dotolo aumirire ndi abale adandaule za ndalama ya ulendo. Koma mayi wotaya magazi sangafike wamoyo ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo pamenepo kukana kupha, kuyamba nakonso kungaphe. Ife amene sitinaimepo pa malo otere tisafulumire kuweruza. Chimene tingafunse ndi chakuti anachita monga akanachitira mnzake wophunzira bwino ndi wosamala, pakuti muyeso wa lamulo ndi womwewo.

Ndipo ulonda sutha pa khomo la fiyeta. M'chaka cha 2003 Dotolo Fenton ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa amayi 8,070 obereka mwa opaleshoni m'zipatala za dziko lino. Anamwalira 85, ndipo ochuluka a iwo sanafere pa tebulo ayi, koma m'wodi, ntchito ya mpeni itatha. Anapezanso kuti jekeseni ya pamsana inali ndi imfa zochepa koposa kugonetsa thupi lonse. Chotero wogonetsa ayenera kupereka wodwala m'manja mwa namwino ndi mawu omveka, kunena mankhwala amene wampatsa ndi magazi amene atayika, ndi kubweranso kudzamuona. Koma namwino mmodzi wa usiku ali ndi mabedi ambiri, ndipo amene akhala pafupi ndi gadiyani, ndiye mayi kapena mlongo wa kumudzi kwathu. Iyeyu akaona nsalu ilikunyowa magazi, manja akuzizira, milomo yayera, kupuma kwa phokoso, kapena wodwala sadzuka poitanidwa dzina lake, asati ndichita manyazi kudzutsa anamwino. Apite pomwepo akagogode, ndipo akapanda kumveka agogodenso.