Ana a ku Yunivesite Akukonza Sewero la Chilembwe

Abale a ku Chiradzulu, ku Magomero ndi ku Namadzi, ndili ndi mawu ndi inu. Mukaona anyamata ndi atsikana akuyenda m'midzi ndi timabuku m'manja nafunsa za kale, musawathawe poyesa kuti ndi a msonkho. Amenewa ndi ana a ku yunivesite. Akukonza sewero latsopano loti akaonetse pa chikondwerero cha masewero, kumene anzawo a masukulu aakulu amasonkhana. Sewerolo ndi la John Chilembwe, ndipo mbali yaikulu ya nkhaniyo adzainena poimba ndi povina.

Mmodzi wa iwo ndi mwana wa mlongo wanga, tsono anandiitana kukaona akuyeserera. Mawu oimbira ali nawo, ng'omanso amazitha. Koma Chilembwe wawo anatulukira atavala chikopa, mkondo m'manja, chifuwa chili pamtunda. Ndinawauza kuti ameneyo si mbusa wa ku Mbombwe. Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, naphunzira ku Lynchburg, nabwerako mu 1900 kudzayamba mishoni ya P.I.M. Zithunzi zake zilipo: munthu wa suti, mkazi wake Ida ali pambali atavala deresi lalitali. Anali kudwala mphumu, maso akenso anali kuvuta. Ndipo usiku wa Loweruka, pa 23 January 1915, iye sanapite ku Magomero. Anatsala ku Mbombwe natumiza anthu, ena ku Magomero, ena ku Blantyre kukatenga mfuti m'sitolo ya Mandala. Zonsezi anawo azikonza mosavuta, pakuti zili m'mabuku.

Chimene sichili bwino m'mabuku ndicho thangata, ndipo apa ndi pamene mufunika inu. Mabuku amanena kuti pa esiteti ya A. L. Bruce anthu anali kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, kuti mweziwo unali kutalikitsidwa, kuti ena anali kulandira fodya m'malo mwa ndalama, ndiponso kuti matchalitchi a udzu amene anthu a P.I.M. anamanga pamalopo anatenthedwa. Ambiri a antchitowo anali Alomwe othawa nkhanza ku dziko la Apwitikizi, amene analibe kwina kolowera. Koma mwana wokulira m'tauni sadziwa kuwawa kwa kulima thonje la mwini pamene mvula yagwa ndipo munda wako uli thengo. Anyamata aja anali kugwira khasu ngati ndodo ya mfumu, ndipo nyimbo yawo ya thangata inali yokoma ngati ya pa ukwati. Inu mudziwa kuti nyimbo ya pa ntchito imatsata khasu, ndi kuti mayi wopsa mtima amanena zake pa mtondo. Ine ndiyesa kuti sewero likafulumira pa thangata kuti lifike msanga pa nkhondo, oonerera adzatuluka osamvetsa chimene mbusa wophunzira anatumira anthu kukapha.

Pali chinthu chimodzi chimene anawo sanagwirizanebe. Usiku uja azungu atatu anaphedwa. Mmodzi anali William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti, ndipo mutu wake unafika ku Mbombwe, Chilembwe nalalikira Lamulungu mutuwo uli m'tchalitchi. Ena akuti chimenechi achisiye, chifukwa munthu amene nkhope yake ili pa ndalama yathu, amene timamkumbukira pa 15 January, sayenera kuoneka chotero. Ena akufuna mutu wachidole ndi magazi ambiri kuti anthu aombe m'manja. Ine ndinakana zonse ziwiri. Chinachitika, choncho chinenedwe, koma pamenepo ng'oma zileke. Aonetsenso kuti akazi ndi ana a azungu sanaphedwe, ndi kuti Chilembwe ataphedwa pa 3 February, Boma linagumula tchalitchi chake cha njerwa, linanyonga ndi kuombera otsatira ake ambiri, ndipo mishoniyo inakhala yotseka mpaka Dr. Daniel Malikebu anaitsegulanso mu 1926. Amasiye a m'midzi yathu nawonso ayenera nyimbo yawo.

Amene anaona zimenezi ndi maso anatha kale, koma agogo ena anamva kwa makolo awo. Tsono anawo akafika, ayalireni mphasa. Aonetseni kagwiridwe ka khasu, aphunzitseni tchopa weniweni, muwaimbire nyimbo za pa mtondo zimene mukumbukira. Ngati wa kwanu anagwira thangata kapena anathawira ku phiri chaka chimenecho, nenani monga munamvera, osawonjezera. Ndipo asanachoke, muwapemphe kuti chikondwerero chikatha, nanunso mutakolola, adzasewere pa bwalo la amfumu, chifukwa ambiri a inu simungathe ulendo wa ku yunivesite.