M'mawa wa Chisanu ku Tsangano

Amene tinagonapo kumapiri a Tsangano m'mwezi wa Juni tinaona galimoto zakale zitaimikidwa potsetsereka usiku wonse. Eni ake amadziwa kuti chisanu chimafooketsa batire. Kumeneko makaniko ali kutali, ndipo galimoto yonyamula mbatatesi ndi yomwenso imathamangitsa odwala kuchipatala ku Ulongue.

Abale, injini ikakana kutembenuka, tisafulumire kumasula sitata. Tiyatse nyali zakutsogolo, kenaka tipotoze kiyi. Zikazilala, batire yafooka, kapena mitu yake yakhwepa ndi kumera ufa woyera; madzi otentha ndi sipanala zimathetsa zambiri. Zikawalabe, nkungomveka kugogoda kamodzi, tikayikire sitata. Kuimenya pang'ono ndi chitsulo kungatifikitse kutauni, koma osadalira kawiri. Zikakanika zonsezi, mtsetse uja ndi mapewa a anyamata zilipo, bola galimotoyo ikhale ya magiya apamanja.