Madzi a pamwamba pa mgodi

Dzina la Joni si lachilendo kwa ife a m'malire muno. Midzi yambiri ya ku Angonia, Tsangano ndi Macanga idatumizako ana ake, ndipo tikamakamba za kumeneko timakamba za migodi, makomboni ndi ndalama. Ndi ochepa amene amadziwa kuti kumadzulo kwa mzindawo, ku Roodepoort, kumene nyumba zathithikana, kuli khwawa la matanthwe ofiira ndi mathithi otchedwa Witpoortjie, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 70.

Madala ena a kufupi ndi phiri la Domue adagwirapo ntchito mu mgodi wina wa golide ku Roodepoort komweko kuyambira 1971 mpaka 1974, atapita ndi Wenela. Masiku amenewo kudali tsankho, ndipo munthu wakuda sankayenda popanda chitupa. Njira imene iwo ankaidziwa idali yochokera ku komboni kukafika pa chikepe chotsikira pansi. Adabwerako ndi njinga, wailesi, jekete, ndi chifuwa chimene sichidathe mpaka lero. Za mathithi sadamveko n'komwe.

Mu Juni 2024 mdzukulu wawo, amene ndi mmisiri womanga nyumba kumeneko, adawaitana kuti akapimitse chifuwacho. Tsiku la Lamlungu adawatenga kupita ku munda wa boma wosungiramo mitengo ndi maluwa, mmene muli mathithiwo. Mundawu udatsegulidwa kwa anthu mu 1987, ndipo mu 2004 adaupatsa dzina la Walter Sisulu, mnzake wa Nelson Mandela pa nkhondo yolimbana ndi tsankho. Pa chipata amalipiritsa, ndipo zimenezi madalawa zidawanyansa.

"Iwe, ndalama zakuchulukira eti? Munthu n'kulipira kuti aone madzi?"

"Agogo, tiyeni mukaone kaye, mukandidzudzule pobwerera," adatero mnyamatayo.

Kuchokera pa chipata kukafika pa mathithi si patali. Wachinyamata amangoti pang'ono wafika, koma madalawa adapuma katatu panjira, akutsokomola. Njirayo imatsata kamtsinje mumthunzi wa mitengo ikuluikulu, ndipo pamene ankayandikira, phokoso la magalimoto lidayamba kuzilala, m'malo mwake n'kumveka mkokomo wa madzi. Atatulukira poyera adaima chilili, chipewa chili m'manja. Zaka zitatu adakhala akuboola mwala mumdima ndi m'fumbi, osadziwa kuti kumtunda kwa dera lomwelo kukugwa madzi oyera chotere.

Mdzukuluyo adawauza kuti kamtsinjeko ndi chiyambi cha mtsinje wa Crocodile, umene umalowera kumpoto n'kukakumana ndi wa Marico, ndipo iwiriyo imapanga Limpopo.

"Limpopo wathu yemweyu?"

"Yemweyo, agogo. Amakathira m'nyanja kufupi ndi Xai-Xai, ku Gaza."

Madalawa adaseka mpaka kutsokomola. Adati madziwo ndi anzawo, chifukwa nawonso akuchoka ku Joni kupita ku Mozambique, ndipo iwo safunsidwa chitupa pa malire.

Pambali pa mathithiwo pali masitepe a miyala okwera kumtunda. Mnyamatayo adawaletsa poopa chifuwa, koma iwo adakana. Adakwera pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa ndodo, lina paphewa la mdzukulu, ndipo atafika chapakati mpweya udawathera, n'kukhala pansi pa mwala. Pamwamba sadafikepo. Komabe pamene adakhalapo adaona zinthu ziwiri.

Choyamba chidali chiwombankhanga chakuda, cha mawanga oyera pamsana, chikuuluka mozungulira thanthwe. Mbalamezi zakhala zikumanga zisa pa matanthwe amenewa kwa zaka zambiri. Zimaikira mazira awiri m'nyengo yozizira, koma kawirikawiri amakula ndi mwana mmodzi, popeza wamkulu amapha wamng'ono. Chakudya chawo chenicheni ndi mbira za m'miyala, koma chifukwa nyumba zadya tchire lozungulira, mbira zachepa, ndipo tsopano zimagwiranso nkhanga ndi nkhwali.

Chachiwiri chidali madenga. Kupitirira mitengo ya m'mundamo, nyumba zidangoti mbwee mpaka kumene maso amalekezera. Apa m'pamene madalawa adamvetsa za ndalama ya pa chipata ija. Khwawalo silidatsale lokha mwamwayi. Alipo amene adalemba malire n'kunena kuti nkhwangwa ndi njerwa zilekezere apa, ndipo alipo amene amalipidwa kuti malirewo asaphwanyidwe.

Pobwerera sadamudzudzule mdzukulu uja. Adangokhala chete mu minibasi, akuganiza za kamtsinje ka kumudzi kwawo kamene ankasambamo ali mwana. Kale kankayenda chaka chonse. Lero kamaphwa mwezi wa Seputembala usanathe, chifukwa mitengo ya kumutu kwake idapita ku makala ndi ku zigafa za fodya, ndipo madimba adafika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, koma amayi a m'mudzimo tsopano amafukula mchenga m'khwawa lomwelo kuti apeze odzaza ndowa imodzi.

Atafika kumudzi adapita kwa a nyakwawa kukapempha kuti mitengo yotsala kumutu kwa kamtsinjeko isadulidwenso. Pa bwalo ena adaseka, amvekere madala abwera ndi nzeru za ku Joni. Ena adafunsa funso loona: mwini dimba la m'mphepete akasuntha, ana ake adya chiyani? Nkhaniyo sidathe tsiku limenelo, ndipo mpaka pano ikukambidwabe. Madalawa sadadikire chigamulo. Mvula yoyamba itagwa adasiya mizere inayi ya dimba lawo imene idali kufupi ndi madzi, n'kubzalamo mikuyu ndi katope. Mbuzi zidadyako ingapo, yotsalayo adaitchingira ndi minga.