Udzu wa muhly m'malo mwa kapinga

Pa ntchito yanga yokonza mabwalo a nyumba za m'mbali mwa nyanja ku Florida, udzu umene ndimaumirira kuti eni nyumba abzale ndi muhly, womwe akatswiri a zomera amautcha Muhlenbergia capillaris. Kwawo n'konkuno, moti mchenga, dzuwa loswa mtengo ndi mphepo ya mchere sizachilendo kwa iwo. Umamera m'maphata otalika masentimita 60 mpaka 90, ndipo cha mu Okutobala umatulutsa ngala zofiirira, zopyapyala ngati utsi. Komatu chimene ndimaukondera si kukongolako. Kapinga wa St. Augustine, amene wadzaza mabwalo kuno, amafuna kutchetcha sabata ndi sabata nyengo ya mvula, kuthirira, mankhwala ndi feteleza. Mchenga susunga feteleza. Mvula ikagwa, nayitrojeni amakokolokera m'madzi, ndere n'kuchulukana, kuwala n'kutchingika, udzu wapansi pa madzi n'kufa. Mu 2021 Florida idataya nyama za m'madzi zotchedwa manatee, zomwe zimadya udzu umenewu, zoposa 1,000, zambiri chifukwa cha njala ku Indian River Lagoon. Kapinga sali yekha pamlanduwu, zimbudzi nazo zilimo, koma dera ngati Pinellas limaletsa feteleza wa nayitrojeni kuyambira Juni mpaka Seputembala. Wobzala muhly lamuloli silimukhudza, chifukwa ukauthira feteleza wambiri umangofooka n'kugona pansi.

Amene amati ngala zikatha udzuwo ndi tchire basi ali ndi mfundo, koma vuto limakhala kabzalidwe. Phata lililonse lipatsidwe mpata wa masentimita pafupifupi 90, pakati pake pathiridwe makungwa ophwanya, malire a bedi adulidwe mowongoka, ndiye aliyense wodutsa amaona kuti pali dzanja la munthu. Amene ndimatsutsana nawo kwambiri ndi ogulitsa mbande onena kuti sufuna chisamaliro chilichonse. Milungu yoyamba umafuna madzi mpaka mizu itagwira. Cha mu Febuluwale, masamba atsopano asanaphuke, ndimamanga phata ndi chingwe n'kulidula kusiya masentimita pafupifupi 15, kenako n'kupesa zouma ndi zala nditavala magolovesi. Pamthunzi wa mtengo waukulu ngala zimachepa, choncho pamenepo sindibzala ngakhale mwini nyumba atachonderera.

Nanga ana azisewera pati? Apa sindilimbana ndi munthu, pakuti muhly sapondedwa. Ndimasiya kachigawo ka kapinga kuseri kwa nyumba, kokwanira kumenyerapo mpira, ndipo muhly ndimauika kutsogolo, m'mbali mwa msewu ndi mwa mpanda, komwe kapinga ankangodya madzi popanda womupondapo.