Njinga ya Bambo

Anzanga a Fomu 3 akhala akundifunsa chifukwa chake kumapeto kwa makope anga kuli zithunzi za njinga zokhazokha. Bwanji ndiyankhe pano kamodzi kokha.

Bambo anga ali kundende. Anagwidwa ndi matumba a makala chaka chatha, khoti nkuwapatsa zaka ziwiri. Njinga inapita limodzi ndi makalawo. Ndiye ndimaijambula kuchokera m'mutu: kaliyala wowotcherera, chishalo chomangidwa ndi mphira, belu losalira lija. Nkhope yawo ndayesapo kangapo koma imatuluka ya munthu wina.

Aphunzitsi a Chingerezi anatiuzapo za Jack Mapanje, amene anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991, ndipo ankapeka ndakatulo nkumazisunga m'mutu. Anatiuzanso za akaidi a ku Zomba amene anajambulitsa nyimbo zawo mu 2013, chimbale chake nkufika pa mpikisano wa Grammy ku America mu 2016. Kalasi yonse inaomba m'manja, inenso ndinaomba. Koma mumtima ndinkati, amenewo ndi mawu a amene ali mkati. Nanga ife otsala kunja? Mapanje anasiya mkazi ndi ana pakhomo. Ine ndinkafuna kumva zimene anawo ankayankha akafunsidwa kuti bambo ali kuti.

Kwathu timayankha mosiyana. Amayi amati “ali ku boma.” Mchemwali wanga wamng'ono, wa Sitandade 2, amauza anzake kuti ali ku Joni, ndipo palibe amene amamuletsa. Tsiku lokawaona, amayi amadzuka tambala woyamba, kukazinga usipa, kupakira ufa ndi sopo, nkukadikira galimoto pa Golomoti kuti akwere Khwekhwerere. Ndalama ya ulendo umodzi ndi ya ndiwo za sabata yathunthu, choncho amapita okha. Akabwera madzulo amangoti, “Akupatsani moni, ali bwino.” Kenako amakhala pakhonde osayatsa nyali. Chithunzi chimenecho ndinajambulanso, ngakhale chinangokhala mdima wa pensulo basi.

Ife a kuno zojambula sizachilendo. Ku Mua kuli Kungoni, yomwe Bambo Claude Boucher, Achisale aja, anayambitsa mu 1976, ndipo ambirife tili ndi malume kapena mnansi wodziwa kugwira sompho. Alendo amagula ziboliboli za amayi obereka ana ndi za Gule Wamkulu. Sindikudziwa ngati alipo angagule njinga yopanda wokwera. Zilibe kanthu, sindigulitsa.

Mwezi wathawu ndinang'amba tsamba limodzi nkuwapatsa amayi kuti akawaonetse bambo. Usiku wonse ndinali ndi mantha kuti mwina adzaona ngati ndikuwakumbutsa mlandu. Amayi atabwera ndinawathamangira kumsewu.

“Ati bwanji?”

“Aseka. Akuti masipoko wawachepetsa, njinga yotere singanyamule ngakhale thumba limodzi.”

Kenako amayi anaseka nawonso, koyamba chichokereni bambo, mpaka kupukuta maso ndi chitenje. Pepalalo silinabwerere, akuti alisunga.

Panopa ndikujambula ina, ndipo masipoko ndikuchita kuwerenga limodzilimodzi pa njinga ya kabaza wa pamsika. Mchemwali wanga akuti ndimuikepo iyeyo pa kaliyala, atavala yunifolomu.